Mtengo wa kaboni pa zomangamanga: amalipira ndani, womanga, mwini nyumba kapena walendi?

Wakonkire: Anzanga pagulu pano ndithandizeni. Ndakhala ndikumanga nyumba kwa zaka zambiri ndithu, koma nkhani iyi ya mtengo wa kaboni ikundizunguza mutu. Kulikonse kumene ndawerenga akuti simenti ndi zitsulo zikwera chifukwa mafakitale azilipira mpweya umene amatulutsa. Ndiye ndikamalemba kotesheni ya nyumba, ndalama imeneyi ilowa pati? Ndipo ingasinthedi mamangidwe, kapena ndi msonkho wamba umene angoupatsa dzina latsopano?

Wamasamu: Achimwene, tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri, apo ayi tikangana mpaka mawa aliyense akunena zake. Njira yoyamba ndi msonkho weniweni: boma limangolengeza kuti tani iliyonse ya mpweya wa kaboni ndi ndalama zakutizakuti. Finland inayamba mu 1990, Sweden n'kutsatira mu 1991. Njira yachiwiri ndi ya zilolezo. Boma limaika malire a mpweya wonse umene mafakitale angatulutse pachaka, n'kuudula m'zilolezo, chilolezo chimodzi tani imodzi. Amene zamuchepera amakagula kwa amene zamutsalira, ndipo chaka ndi chaka zilolezozo amazichepetsa. Umenewu ndiwo msika wa EU ETS umene mayiko a European Union (EU) anatsegula mu 2005. Kumeneku mtengo umayenda ndi msika. Mu 2013 unagwa mpaka pansi pa ma euro 5 pa tani, mu Febuluwale 2023 unakafika pa ma euro 100.

Tsono ku nyumba ndalamayi imalowera makomo awiri. Khomo loyamba ndi lanu omanga: simenti, zitsulo, aluminiyamu, magalasi. Lachiwiri ndi la wokhalamo: gasi kapena mafuta otenthetsera nyumba ndi madzi, komanso magetsi. Loyambalo mumalipira kamodzi. Lachiwirilo ndi la mwezi ndi mwezi, zaka 50 kapena kuposa.

Wakonkire: Khomo langa ndalimva. Koma bwanji simenti ndi amene ali pakamwa pa aliyense? Ine ndimayesa vuto ndi malasha amene amakolezera ng'anjo. Asinthe chokolezera moto, nkhani yatha.

Injiniya Wachikulire: Likanakhala vuto la malasha okha bwenzi titapuma kalekale. Simenti amachokera ku miyala ya laimu. Miyalayo amaipera, kuisakaniza ndi dongo, n'kuithira m'ng'anjo yaitali yozungulira imene imatentha mpaka madigiri 1,450. Mwala ukapsa choncho umagawika pawiri. Gawo lina limatsala n'kusanduka timibulu tolimba totchedwa klinka, lina limathawa ngati mpweya wa kaboni. Mpweya umenewo sukuchokera ku moto ayi, unali m'mwalamo kuyambira kale. Pa mpweya wonse wa fakitale ya simenti, pafupifupi 60 peresenti ndi wa mwalawo, wotsalawo ndiye wa chokolezera. Choncho ngakhale mutakoleza ng'anjo ndi magetsi a dzuwa, oposa theka atulukabe.

Tani imodzi ya klinka imasiya makilogalamu opitirira 800 mumlengalenga. Mukaphatikiza dziko lonse lapansi, simenti yekha ndi 7 kapena 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthufe timatulutsa. Chitsulo nachonso sichili patali. Chosungunula kuchokera ku miyala ndi malasha, tani imodzi imatulutsa pafupifupi matani awiri a mpweya, pomwe chosungunula ku zitsulo zakale ndi magetsi chimatulutsa wochepa kwambiri.

Wamasamu: Ndiye tiwerengere limodzi, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amadabwa. Thumba la simenti la makilogalamu 50 lili ndi mpweya wa pakati pa makilogalamu 30 ndi 40, malinga ndi kuchuluka kwa klinka. Tiyerekeze mtengo wa kaboni uli pa ma euro 80 ndipo fakitale ikulipira wonse. Thumbalo lakwera ndi pafupifupi ma euro atatu. Nyumba yodya matumba 400, ndiwo matani 20 a simenti, mpweya wake ndi matani 14 kapena pamenepo, ma euro 1,100 ndi kakuti. Onjezanipo matani atatu a zitsulo, ma euro ena 480. Zonse pamodzi ma euro 1,600. Kwa fakitale imeneyi ndi nkhondo, chifukwa ma euro 56 pa tani ya simenti ndi gawo lalikulu la mtengo wogulitsira. Koma kwa munthu wogula nyumba ya ma euro 300,000 sizikufika ndi 1 peresenti yomwe. Malo, amisiri, chiwongola dzanja cha ngongole, zimenezo ndi zimene zimadya ndalama.

Wakonkire: Bwana Wamasamu, masamu anu ndi a nyumba yodula. Nanga munthu womanga yekha pang'onopang'ono, amene malo ali nawo kale ndipo ndalama yake yonse ikuthera pa matumba ndi zitsulo? Kwa iyeyo ma euro atatu pa thumba si kadontho.

Wamasamu: Pamenepo mwandigwira, sindikana. Kumene amisiri ndi malo n'zotsika mtengo, zipangizo ndizo gawo lalikulu la nyumba, ndipo mtengo womwewo umaluma kwambiri.

Wokayika: Kkkk ine ndaima pa mawu akuti "fakitale ikulipira wonse". Inalipira liti? Kuyambira 2005 mafakitale a simenti ndi zitsulo ku Ulaya akhala akulandira zilolezo zaulere. Chuma chitagwa mu 2008 ntchito yomanga inazilala, ng'anjo zinapuma, koma zilolezo zinkabwerabe. Ena anazigulitsa n'kupanga phindu pa mpweya umene sanatulutse n'komwe. Ndiye mundiuze kuti woipitsa mpweya ndi amene amalipira?

Injiniya Wachikulire: Zimenezo zinachitikadi, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene mpweya wa mafakitale a simenti sunatsike mofulumira ngati wa malo opangira magetsi, amene ambiri anasiya kulandira zaulere mu 2013. Koma mumve chifukwa chake. Maboma a ku Ulaya ankaopa kuti akapanikiza fakitale ya kwawo, omanga angogula simenti wa kunja kumene kulibe mtengo wa kaboni. Ntchito zathawa, mpweya uli chitulukire, wangosintha dziko. Mankhwala amene apeza ndi CBAM, msonkho wa pamalire. Wolowetsa simenti, zitsulo, aluminiyamu, feteleza, magetsi kapena hydrogen mu EU azilipira mpweya wa katunduyo ngati kuti wapangidwira momwemo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2023 ankangolemba malipoti, gawo lolipira ndi la kuyambira 2026. Zilolezo zaulere za katunduyu zizichepa pang'onopang'ono mpaka kutheratu mu 2034. Ndiye masamu a Wamasamu aja si a dzulo, ndi a kutsogoloku.

Wokayika: Tidzaziona zikadzafika 2034, akulu. Andale akaona chisankho chayandikira amasintha ngati bilimankhwe.

Mlembi wa Gulu: Pali wina pano amene khomo lachiwiri lija likumukhudza? Tamva za fakitale zokhazokha.

Walendi: Ndilipo. Ndimachita lendi ku Germany, ka flati ka masikweya mita 60 m'nyumba yakale. Kuno msonkho wa kaboni pa gasi ndi mafuta otenthetsera unayamba mu Januwale 2021 pa ma euro 25 pa tani, mu 2022 n'kufika 30, mu 2023 anauimika kaye chifukwa gasi anali atakwera kale ndi nkhondo ya ku Ukraine, mu 2024 n'kudumphira pa 45, mu 2025 pa 55.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira m'nyumbamo. Nyengo yozizira ndikaika dzanja m'mbali mwa zenera ndimamva kamphepo kakudutsa ngati wina akuuzira. M'mawa galasi limakhala litanyowa m'kati, ndimapukuta ndi kansanza, pakona pa khoma pamera nkhungu yakuda. Pansi pa chitseko ndinayalapo thaulo lopindapinda. Boyila, makina otenthetsera madzi ndi nyumba, ili kubafa, yakale, ikamayaka imachita kaye phokoso ngati ikutsokomola. Tsono funso langa ndi ili: msonkhowu akuti cholinga chake n'chakuti munthu asinthe. Ine ndisinthe chiyani? Zenera si langa, khoma si langa, boyila si yanga. Chimene ndingachite n'kuvala majuzi awiri n'kutsitsa kutentha, basi. Amene angasinthe zenera sakhala muno ndipo bilu ya gasi saiona.

MayiMapulani: Apa ndiye pagona nkhani yonse, achimwene Walendi. Pa galimoto, wogula galimoto ndi yemwenso amathira mafuta, ndiye mafuta akakwera amaganiza kawiri pogula ina. Pa nyumba sizili choncho. Wojambula pulani ndi wina, wolipira kontilakita ndi wina, mwini nyumba ndi wina, wolipira bilu ndi winanso. Mtengo wa kaboni umagogoda pakhomo la wolipira bilu, pamene chiganizo chinapangidwa ndi munthu wina zaka 40 zapitazo. Womanga nyumba zogulitsa akufuna atsirize motsika mtengo agulitse azipita. Khoma lochindikala bwino limupindulira chiyani iyeyo?

Walendi: Ndipo a ku Germany anaziona zimenezi, mochedwa koma anaziona. Zaka ziwiri zoyambirira walendi ankasenza yekha. Kuyambira pa 1 Januwale 2023 pali lamulo logawa msonkhowu pakati pa walendi ndi mwini nyumba, ndipo lili ndi masitepe khumi. Amawerengera mpweya umene nyumbayo imatulutsa pa sikweya mita iliyonse pachaka. Ukachepera makilogalamu 12, ndiye kuti nyumbayo ndi yabwino, walendi amalipira zonse. Ukafika 52 kapena kupitirira, mwini nyumba amalipira 95 peresenti. Pakatipo zimakwera ndi khumikhumi.

Ine ndinakhala pansi ndi bilu yanga ya 2024. Gasi ndinagwiritsa ntchito pafupifupi mayuniti (ma kWh) 9,000, mpweya wake matani 1.8. Kugawa ndi 60 zikutuluka makilogalamu 30 pa sikweya mita, sitepe ya 60 peresenti ine, 40 peresenti alandilodi. Msonkho wonse unali ma euro 81 tisanaikepo VAT. Gawo lawo, ma euro 32 ndi timakobidi. Popeza gasi ndimalipira ndekha ku kampani, lamulo likuti ndiwalembere kalata yoitanitsa ndalamayo pasanathe miyezi 12. Ndinalemba. Anandiyankha patapita milungu isanu ndi umodzi, ndalama n'kubwera popanda ngakhale moni.

Wokayika: Ma euro 32! Ndiye munthu asinthe mazenera a nyumba yonse chifukwa cha ma euro 32? Kkkkk.

Mayi Landilodi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiloleni ndiyankhule, popeza alandilodi tasanduka mfiti pagulu pano. Ine ndili ndi kanyumba kakale ka mabanja anayi m'dziko lomwelo. Sindine kampani, ndinagula ndi ngongole imene ndikubwezabe. Ndinaitana mmisiri kudzaona. Anakwera kudenga, anagogoda makoma, anatsikira kuchipinda chapansi kumene kuli boyila, kenako anandiuza kuti heat pump, makina a magetsi okoka kutentha kwa panja n'kukulowetsa m'nyumba, payokha siingathandize bwino ngati denga ndi mazenera zikutayabe kutentha, ndiyambe ndatseka mabowo. Kotesheni itabwera ndinaiwerenga nditaima, n'kukhala pansi, n'kuiwerenganso. Ndalama imene ndimalipira pa gawo langa la kaboni pachaka ndikaiyerekeza ndi kotesheniyo, ndingalipire msonkhowo mpaka kufa osafika theka lake. Si kuuma mtima, bambo Walendi. Ndi masamu.

Walendi: Amayi, sindikukunenani inu. Ndipotu kunena zoona, ine ndimaopanso tsiku limene alandilodi anga adzakonze nyumbayi. Lamulo la kuno limawalola kuika 8 peresenti ya ndalama zokonzera pa lendi ya pachaka. Bilu ya gasi idzatsika, lendi idzakwera, ndipo sindikudziwa kuti chidzapose chinzake n'chiti. Walira mvula walira matope.

Mayi Landilodi: Mwaonatu. Tonse tili m'madzi, kungoti wina afika m'chiuno wina m'khosi.

Wamasamu: Amayi akunena zoona pa mtengo wa lero. Koma boyila imakhala zaka 20, nthawi zina kuposa. Funso si lakuti kaboni ali pa zingati chaka chino, koma adzakhala pa zingati boyilayo ili pakati pa moyo wake. Lita imodzi ya mafuta otenthetsera imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7. Nyumba yomwa malita 2,000 pachaka ndi matani opitirira asanu. Pa ma euro 55 ndi ma euro pafupifupi 300. Pa ma euro 150 ndi 800, chaka chilichonse. Mtengo wa kaboni sugwira ntchito tsiku lililonse. Umagwira ntchito tsiku limodzi lokha, lija boyila yafa pakati pa chisanu ndipo mukuyenera kusankha chogula. Tsiku limenelo ngati mukukhulupirira kuti mtengo uzikwerabe, mumagula heat pump, imene pa yuniti imodzi ya magetsi imakupatsani mayuniti atatu kapena anayi a kutentha. Ngati mukuganiza kuti boma lotsatira lidzauchotsa, mumagula boyila ina ya gasi n'kumangirira nyumbayo zaka zina 20.

Injiniya Wachikulire: Sweden ndi umboni wake. Msonkho wawo wakhalapo kuyambira 1991, maboma asintha kangapo koma palibe anauchotsa, ndipo lero uli pamwamba pa ma euro 100 pa tani. Mafuta otenthetsera nyumba anatsala pang'ono kutheratu. Mizinda imatenthetsedwa ndi madzi otentha oyenda m'mapaipi kuchokera pamalo amodzi, kumene amawotcha zotsalira za mitengo ndi zinyalala, ndipo nyumba zoima pazokha zambiri zili ndi ma heat pump. Koma tisanamizane kuti ndi msonkho wokha. Mapaipi aja anayamba kuyalidwa msonkho usanabwere, nkhalango ali nazo, magetsi awo ambiri ndi a madzi ndi nyukiliya. Msonkho unakankha anthu, koma kunali kolowera.

Wokayika: Ndipo kumene kunalibe kolowera? Ku France mu 2018 anthu ovala majekete achikasu anatseka misewu chifukwa cha msonkho wa mafuta, boma n'kuimika kukwera kwake pa ma euro 44.6 pa tani. Ku Canada msonkho wa kaboni unayamba mu 2019 pa madola 20 pa tani, mu Epulo 2024 unali pa 80. Mu Okutobala 2023 nduna yaikulu ya nthawiyo, Justin Trudeau, anauimika kwa zaka zitatu pa mafuta otenthetsera nyumba, ena onse n'kuyamba kufunsa kuti nanga ife a gasi? Mark Carney atangolowa m'malo mwake anauchotsa kwa anthu wamba kuyambira pa 1 Epulo 2025. Amene anagula heat pump powerengera msonkho uja lero akudziona bwanji?

Wamasamu: Chowawa n'chakuti ku Canada ndalama zambiri zinkabwezedwa kwa mabanja, koma anthu ankaona mtengo pa pampu ndi pa bilu tsiku ndi tsiku, pamene zobwezazo zinkangolowa mu akaunti mwakachetechete.

MayiMapulani: Switzerland inachitako mwanzeru pamenepa. Msonkho wawo pa mafuta otenthetsera unayamba mu 2008 pa ma franc 12 pa tani, kuyambira 2022 uli pa 120. Kwa zaka zambiri gawo limodzi mwa atatu lakhala likupita ku thumba lothandiza anthu kukonza nyumba, denga, makoma, zotenthetsera. Zotsalazo zimabwerera kwa makampani ndi kwa anthu, munthu aliyense mofanana, kudzera pa inshuwalansi ya zaumoyo. Wokhala m'kanyumba kakang'ono amalandira zofanana ndi wa chinyumba chachikulu, koma wa chinyumbayo walipira zambiri. Amayi Landilodi, thumba lotere ndi limene lingachepetse kotesheni yanu ija.

Mayi Landilodi: Thandizo kunonso lilipo, achemwali, koma malamulo ake amasintha pafupipafupi ndipo mafomu ake amafuna munthu wosagwira ntchito ina. Komanso umayamba walipira wekha, zobwezazo n'kumabwera pambuyo. Wopanda ndalama yoyambira sangalowe n'komwe.

Walendi: Ifenso tinalonjezedwa kuti ndalamayi izibwezedwa kwa munthu aliyense, ankaitcha Klimageld. Boma limene linalonjeza mu 2021 linatha osapereka.

Mlembi wa Gulu: Wina afotokozeko za ETS2, ndaona ikutchulidwa kwambiri.

Wamasamu: Mwachidule: ndi msika wachiwiri wa zilolezo wa EU yonse, wa mafuta ndi gasi wa m'nyumba ndi wa pamsewu. Ogula zilolezo si mabanja, ndi makampani ogulitsa mafutawo, iwo n'kuika pa mtengo. Anakonza zoyamba mu 2027, kenako anagwirizana zokankhira ku 2028. Muli njira yotulutsira zilolezo zoonjezera mtengo ukadutsa ma euro 45, powerengera mitengo ya 2020, koma amenewo si malire okhwima. Pambali pake pali thumba la Social Climate Fund la 2026 mpaka 2032, lofika ma euro 65 biliyoni, lothandiza mabanja ovutika. Mkangano waukulu ndi wakuti mtengo udzakhala umodzi, pomwe malipiro a ku Bulgaria ndi a ku Luxembourg ndi kumwamba ndi pansi. Ku Poland nyumba zambiri zikutenthetsedwabe ndi malasha, ndiye mukhoza kuona chifukwa chake boma lawo linalimbikira zochedwetsa.

Wakonkire: Zonsezi n'zabwino, koma mwandisiya m'njira. Ine ndine wa khomo loyamba. Pa saiti chisinthe n'chiyani?

MayiMapulani: Pepani achimwene, tabwerera. Choyamba kusintha ndi zimene zili m'thumba la simentilo, ndipo mwina simudzazindikira msanga. Popeza mpweya uli mu klinka, fakitale imafuna kuchepetsa klinka pa thumba lililonse. Kale ankasakaniza phulusa la malasha la kumalo opangira magetsi ndi zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira zitsulo. Koma onani mmene zinthu zimazungulirana: mtengo wa kaboni womwewo ukutseketsa malo a malasha ndi ng'anjo zakale za zitsulo, ndiye phulusalo likusowa. N'chifukwa chake maso ali pa dongo lowotcha. Simenti wotchedwa LC3, amene anakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya EPFL ku Lausanne ku Switzerland pamodzi ndi anzawo a ku Cuba ndi India, ali ndi theka klinka, 30 peresenti dongo lowotcha, 15 peresenti laimu wongopera, 5 peresenti mwala wofewa wotchedwa gypsum. Dongo limapsa pa madigiri pafupifupi 800 ndipo silitulutsa mpweya ngati laimu. Mpweya umatsika mpaka ndi 40 peresenti.

Kwa inu pa saiti tanthauzo lake ndi lakuti simenti wosakaniza amafuna ulemu. Wina amachedwa kugwira mphamvu masiku oyambirira, makamaka wa phulusa uja. Mukafulumira kuchotsa matabwa, kapena mukasiya kuthirira madzi tsiku lachitatu chifukwa pamwamba pakuoneka pouma, mudzaona ming'alu n'kumati simenti wa masiku ano ndi wachabe, pomwe vuto ndi changu chanu.

Wakonkire: Apo mwandilasa. Ndinachitapo zimenezo pa silabu ina ya konkire. Mwini wake ankandiimbira foni m'mawa ndi madzulo, ine n'kuchotsa zochirikiza masiku asanakwane. Pakati panagwa mphako pang'ono, ukathira madzi ankaima pamenepo ngati m'mbale. Ndinagumula ndi ndalama zanga, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa nyumbayo ndimayang'ana kumbali.

Injiniya Wachikulire: Tonse tili ndi silabu yathu yotero, musadandaule. Koma ine ndiwonjezere chimene mainjiniya sitikonda kuvomera: timathira konkire wambiri kuposa wofunika. Simenti wakhala wotsika mtengo poyerekeza ndi nthawi ya injiniya, ndiye m'malo mowerengera mzati uliwonse pawokha timangotenga wolemedwa kwambiri n'kupanga yonse chimodzimodzi, n'kuonjezanso pang'ono kuti tigone tulo. Konkire akakwera, ola limodzi la masamu liyamba kulipira. Ndipo pa mpweya wa mwala uja umene sungapewedwe, njira yotsala ndi kuugwira usanathawe. Ku Brevik ku Norway, fakitale ya Heidelberg Materials inatsegula makina otero mu 2025, ogwira matani 400,000 pachaka, pafupifupi theka la mpweya wake, n'kukaukwirira pansi pa nyanja. Boma la Norway linalipirako ndalama zambiri. Palibe kampani ingamange chinthu chotere ngati kutulutsa mpweya kuli kwaulere.

Wokayika: Nanga bwanji osangomanga ndi matabwa? Ndinaona chithunzi cha nyumba ya nsanjika 18 ya matabwa.

MayiMapulani: Ndi Mjøstårnet imeneyo, ku Brumunddal ku Norway komweko, mamita 85, inatha mu 2019. Matabwa ali ndi malo ake, koma maziko ake ndi a konkire ndithu, ndipo mitengo iyenera kuchokera kunkhalango imene ikudzalidwanso. Kumene nkhalango zikutha kale, kuuza anthu kuti azimanga ndi matabwa n'kuzimitsa moto wa kukhitchini poyatsa wa kudenga. Chimene ine ndimalimbikira kwa makasitomala n'chosasangalatsa kumva: musagumule. Mpweya wa maziko ndi mizati ya nyumba yakale unatuluka kale. Mukaisunga n'kukonza zina zonse, mwapulumutsa gawo lalikulu osagula chilichonse chachilendo.

Koma ndivomereze, sindinaonepo kasitomala wosintha pulani chifukwa cha 1 peresenti ija ya Wamasamu. Chimene chimasintha pulani ndi lamulo. France ili ndi lamulo la RE2020 kuyambira Januwale 2022, limene limawerengera mpweya wa zipangizo zomangira. Denmark inaika malire a makilogalamu 12 pa sikweya mita pachaka pa nyumba zazikulu zatsopano mu 2023, ndipo anawatsitsanso mu 2025. Ukapyola, chilolezo palibe. Pamenepo aliyense amamva.

Wamasamu: Palinso mizinda imene inalunjika kwa mwini nyumba mwachindunji. Tokyo inayamba msika wa zilolezo wa nyumba zikuluzikulu mu 2010. New York inakhazikitsa Local Law 97 mu 2019: nyumba zoposa masikweya fiti 25,000 zili ndi malire kuyambira 2024, ndipo tani iliyonse yopyola ndi madola 268. Bilu imeneyo imapita kwa mwini, amene ali ndi makiyi a chipinda cha boyila.

Wokayika: Zonse mwatchulazi ndi za mayiko ozizira ndi olemera. Kumene nyumba zambiri zatsopano zikumangidwa kulibe boyila.

Injiniya Wachikulire: Zoona, ndipo kumeneko makomo aja amatembenuka. Kumayiko otentha khomo lachiwiri ndi la magetsi oziziritsira, ndiye nkhani imakhala ya denga, mthunzi ndi kumene zenera layang'ana. Koma khomo lalikulu ndi la simenti. China yokha imapanga pafupifupi theka la simenti wa dziko lonse, ndipo msika wake wa zilolezo umene unayamba mu 2021 ndi magetsi, mu 2025 anauwonjezera simenti, zitsulo ndi aluminiyamu. South Africa ili ndi msonkho wa kaboni kuyambira Juni 2019, unayamba pa ma rand 120 pa tani, ngakhale kuti zochotsera zake zinali zambiri moti ndalama yeniyeni yolipira inali yochepa. CBAM ikukankhanso mayiko ogulitsa ku Ulaya, chifukwa kaboni amene walipiridwa kwawo amachotsedwa pa msonkho wa pamalire. Boma lililonse likuwerengera kuti ndalamayo kuli bwino itsale kwawo kusiyana n'kukaisiya ku Brussels, likulu la EU.

Wakonkire: Ndiye pa kotesheni ndilembe chiyani? Mzere wa "kaboni"?

Wamasamu: Ayi, simudzauona ngati mzere. Udzabisala mu mtengo wa thumba ndi wa chitsulo. Chimene mungachite n'kufupikitsa masiku amene kotesheni yanu ikugwira ntchito, ndipo pa ntchito yaitali muikemo ndime yakuti zipangizo zikakwera kupyola mlingo wakuti mudzagawana ndi mwini ntchito. Mtengo wa zilolezo umatha kusuntha ndi ma euro 20 kapena 30 m'chaka chimodzi.

MayiMapulani: Ndipo muzitembenuza thumba n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo. CEM I ndi klinka pafupifupi yekhayekha, CEM II ndi wosakaniza, CEM III ali ndi zotsalira za zitsulo zambiri. Pomangira njerwa ndi pulasitala simufunika CEM I.

Wakonkire: Zaka zonsezi ndimangoyang'ana nambala ya mphamvu ya simenti, 32.5 kapena 42.5, basi. Mawa ndikafika pa saiti ndikatembenuza thumba.

Mayi Landilodi: Bambo Walendi, kalata ija munalembera alandilodi anu munaika chiyani ndi chiyani? Mmodzi wa anthu anga ali ndi boyila yakeyake ngati inu ndipo sanaitanitsepo kanthu. Ndikuganiza kuti sakudziwa.

Walendi: Kope la bilu ya gasi, pamene kampani inalemba makilogalamu a mpweya ndi ndalama ya kaboni, kukula kwa flati, ndi sitepe imene yatuluka. Tsamba limodzi lokha. Ndikutumizirani kumbali, koma mumuuze aone deti la bilu yake, miyezi 12 ija ingamuthere.